Utsi wa Moto wa Tchire Ukakumana ndi Dzuwa



M'miyezi ya August, September ndi October, mukayang'ana phiri la Michesi masana mumaliona ngati lafunda nsalu yotuwa. Imeneyo si mitambo ayi. Ndiwo utsi wa mapesi, wa lupsa, wa anyamata osaka mbewa ndi wa owotcha makala. Ambiri amati utsi ukakwera kumwamba ndiye kuti watha. Tsono lero ndifuna kukuuzani zimene utsiwo uchita kumwambako.

Nkhaniyi inayamba kudziwika m'tauni. Ku Los Angeles, m'dziko la America, m'zaka za m'ma 1940 anthu anayamba kudandaula kuti maso akuwawa, ndipo alimi a ndiwo zamasamba anaona masamba awo akunyezimira kunsi ngati siliva, pambuyo pake nkuuma. Anafunafuna tizilombo, koma osatipeza. Mu 1952 katswiri wina, Arie Haagen-Smit, anasonyeza kuti chochititsa ndicho utsi wa magalimoto ndi wa mafakitale ukawombedwa ndi dzuwa. Monga chimera chisandutsa phala kukhala thobwa, momwemonso dzuwa lisandutsa utsi kukhala zinthu zina zimene sizinali m'motomo poyamba.

Chimodzi cha zinthuzo ndi mpweya wotchedwa ozone. Zina ndi za mtundu wotchedwa peroxide, ndipo mwa izo imene aitcha PAN ndiyo iwawitsa maso ndi kunyezimiritsa masamba. Ina, hydrogen peroxide, enanu muidziwa: ndi mankhwala aja otsukira bala, amene achita thovu. M'botolo ndi yothandiza, koma kumwamba imalowa m'madontho a mitambo, ndipo kumeneko isandutsa utsi wa malasha kukhala asidi wogwa pamodzi ndi mvula.

Alimi a fodya, tcherani khutu apa. Mu 1959 kunadziwika kuti timawanga toyera timene tinali kuononga fodya ku Connecticut, ku America komweko, sitinali nthenda koma ozone. Tsamba lipuma ndi tizibowo tating'ono tosaoneka ndi maso, ndipo mpweyawu ulowera momwemo. Nyemba ndi soya nazonso sizilimba nawo, ndipo kawirikawiri zokolola zichepa mlimi osaona chizindikiro chilichonse.

Kapena wina ati, "Nanga ife kuno magalimoto tili nawo angati?" Funso labwino. Koma utsi wa udzu ndi mapesi uli ndi zophikira zomwezo, ndipo dzuwa la October muno m'chigwa mulidziwa nokha. M'chaka cha 2000 akatswiri a maiko ambiri anayeza mpweya wa chigawo chino cha Africa m'nyengo yotentha tchire. Ku Lusaka anapeza ozone wochuluka m'mwezi wa September, wina wochokera m'mzindamo, wina wobwera ndi mphepo kuchokera ku moto wa kutali. Anaonanso utsi ukuyenda ngati mtsinje kumka ku nyanja yaikulu ya Indian Ocean. Utsi sufuna chiphaso pa malire. Wa ku Mozambique ufika kuno, ndipo wathu upumidwa ndi ana a eni.

Nzoona kuti nyengo imeneyi chimanga chili m'nkhokwe. Koma nyemba ndi matimati zili m'dimba, nazale za fodya zangomera kumene, ndipo okalamba ndi odwala chifuwa alibe kothawira. Ndiponso ine ndiona kuti wotentha mapesi aluza kawiri, pakuti atentha manyowa a munda wake womwe chifukwa cha mbewa zosakwana ndi mbale imodzi.

Chotero mapesi ndi masamba a nandolo akwirireni m'mizere mukangotha kukolola, kapena muwaunjike apange manyowa. Inu mafumu, itanani anthu anu mwezi wa August usanafike, mugwirizane za malo osayenera kuyatsapo moto, ndipo mulambule njira zotchinga moto kuzungulira nkhalango ya mudzi ndi kumanda. Pamene pafunikadi kutentha, tenthani mu May kapena June, madzulo, udzu usanaumitsitse, pakuti moto wa nthawi imeneyo uyenda pang'onopang'ono ndipo suupha mitengo yaing'ono. Wofuna kuona kapangidwe ka manyowa a mapesi afunse mlangizi wa m'dera lake.