Agogo Akabanika: Nkhani ya Chubu cha Pakhosi

M'sewero lija tinasiya agogo aamuna ali gone m'chipatala, akupuma mobanika, ana awo akukangana pakhonde. Mwana wamwamuna, amene anali atangofika kuchokera ku Joni, ankaumirira kuti bambo ake aikidwe pa makina, ndalama alipira ndi iye. Mlongo wake, amene anakhala akuwasamalira kumudzi zaka zonsezi, anangofunsa kuti, "Achimwene, kodi eni akewo munawafunsa?" Sewero linathera pa funso limenelo. Tsono tiyeni tikambirane zimene awiriwa ankakanganirana, chifukwa nkhani imeneyi ingathe kugwa pakhomo la wina aliyense kuno ku Malosa.

Poyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene ambiri timazisokoneza. Pali mpweya wa okosijeni umene amaupereka kudzera m'timapaipi ta m'mphuno kapena m'chophimba kukamwa. Wodwala amakhala ali maso, amalankhula, amamwa phala. Mpweya umenewu supha munthu ai. Mphekesera yoti "akakuika pa okosijeni ndiye kuti wapita" inabwera chifukwa chakuti ambiri timafika nawo odwala kuchipatala mochedwa, ndipo akamwalira timaloza chinthu chomaliza chimene tinachiona. Adokotala akanena kuti agogo alandire okosijeni, musakane.

Chinthu chachiwiri, chimene ndicho mutu wa nkhani yathu, ndi chubu cha pakhosi. Munthu akalephereratu kupuma yekha, kapena akakomoka kotero kuti malovu ndi masanzi zingalowe m'mapapo, adokotala amamubaya mankhwala ogonetsa ndi ofewetsa minofu. Kenaka amatsegula kukamwa ndi chida chokhala ndi kanyali, nalowetsa chubu cha pulasitiki m'kholingo, kudutsa pakati pa timinofu totulutsa mawu. Kumapeto kwa chubucho kuli kabaluni kamene amakapopa kuti mpweya usathawe. Akatero amalumikiza chubucho ku makina okankhira mpweya m'mapapo. Ngati makina palibe, munthu amafinya thumba la mpweya ndi manja, osalekeza, mpaka makina atapezeka.

Munthu amene ali ndi chubu chimenechi salankhula ndipo sadya. Chakudya chimadzera m'kapaipi kena ka m'mphuno. Nthawi zambiri amakhala atagonetsedwa ndi mankhwala, chifukwa chubucho n'chosautsa ndipo munthu akadzidzimuka amafuna kuchizula.

Tsono mvetsetsani apa. Chubu sichichiza matenda. Ntchito yake ndi kumupumira munthu pamene mankhwala akulimbana ndi chimene chamugwetsa, kaya ndi chibayo, mphumu, mtima wofooka kapena sitiroko. Ngati matendawo ndi ochizika ndipo thupi lili ndi mphamvu, chubu chimapulumutsa moyo. Mnyamata amene wachita ngozi ya njinga yamoto, kapena mayi amene wakomoka pobereka, angathe kukhala pa makina masiku angapo nabwerera kwawo akuyenda yekha. Ngakhale nkhalamba zimaikidwa chubu pa nthawi ya opaleshoni yokonzekera bwino, n'kuchotsedwa opaleshoniyo ikangotha. Zimenezo n'zina. Ife tikunena za munthu wokalamba amene wafika pangozi, thupi litatopa kale.

Kodi okalamba otere zimawathera bwanji? Ku America, dokotala wina wa ku Boston dzina lake Kei Ouchi ndi anzake anaunika mbiri za odwala oposa 35,000 a zaka 65 kapena kuposerapo, amene anaikidwa chubu mwadzidzidzi m'zipatala 262 kuyambira 2008 mpaka 2015. Zotsatira zake zinatuluka mu 2018. Mwa anthu 100 alionse, 33 anamwalira m'chipatala momwemo. Amene anatuluka n'kubwerera kunyumba kwawo anali 24 okha. Ambiri mwa otsalawo anapita kumalo osungirako odwala ndi okalamba, chifukwa sakanatha kudzisamalira. Ndipo zaka zikamakwera, imfa nazo zinkakwera: mwa a zaka 65 mpaka 74 anamwalira 29 pa 100 alionse, pamene mwa a zaka 90 kapena kuposerapo anamwalira theka.

Taonani, kumeneko ndi kumene makina ali mbwee, anamwino ndi ambiri, magetsi sathimathima. Komabe mwa nkhalamba zinayi, imodzi yokha ndiyo inabwerera pakhomo pake. Ena angaone manambala omwewa nati, "Koma awiri mwa atatu anatuluka amoyo." N'zoona, ndipo pa chifukwa chimenechi sitikunena kuti chubu n'choipa. Tikungoti kutuluka wamoyo ndi kubwerera kumunda ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Chimene chimachitika n'chakuti munthu wamkulu akagona masiku ambiri osagwedezeka, minofu imatha msanga, ngakhale minofu yopumira. Chubu chomwecho chimatsegulira njira tizilombo toyambitsa chibayo china chatsopano. Pamsana ndi m'matako mumabuka zilonda. Ambiri amasokonezeka mutu, osazindikira ana awo, ndipo kwa ena kuiwalaiwala kumapitirira ngakhale atachira. Wina akalephera kuchoka pa makina patapita sabata imodzi kapena ziwiri, madokotala amaganiza zoboola pakhosi kuti chubu chidzere pamenepo.

Tibwerere kwathu kuno. Wodwala wa ku Malosa kapena m'midzi ya m'chigwa cha Domasi amayambira pachipatala chapafupi, monga cha St Luke's cha mpingo wa Anglican kapena cha ku Domasi. Matenda akakula amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Zomba, ulendo wa makilomita pafupifupi 30, ndipo ena amapitirira mpaka ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Makina opumira amafuna chipinda cha odwala mwakayakaya, magetsi osadukiza, okosijeni wokwanira ndiponso namwino woyang'anira wodwalayo usana ndi usiku. Pamene matenda a Covid-19 ankalowa m'dziko muno mu April 2020, mabedi a m'zipinda zotere m'zipatala zikuluzikulu zinayi za boma anali pafupifupi 25, m'dziko la anthu oposa 17 miliyoni. Mu January 2021 tinaona tokha mmene mpweya unasowera, ndipo nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi ndi nthendayi. Choncho dokotala wa kuno akamaganiza za chubu, amayeza zinthu ziwiri: kodi munthuyu chimuthandiza, nanga bedi lilipo? Akakuuzani kuti agogo sapindula ndi makina, musafulumire kuganiza kuti akuwanyoza chifukwa ndi okalamba kapena osauka. Funsani kuti akufotokozereni.

Ndipo mafunso ake si ovuta. Kodi matenda amene awagwetsawa ndi ochizika? Akaikidwa chubu, kodi adokotala akuona kuti adzachoka pa makinawo? Akachira, adzatha kuyenda, kudya ndi kupita kuchimbudzi okha? Inunso muwauze adokotala zoona za mmene agogowo analili asanadwale. Gogo wa zaka 75 amene mwezi watha ankalima ndi kupalasa njinga kupita ku msika wa Songani ndi wosiyana kutali ndi wa zaka zomwezo amene wakhala chigonere kwa chaka chathunthu. Madokotala sayang'ana zaka zokha, amayang'ananso mphamvu zimene munthu anali nazo.

Funso la mlongo uja ndi limene limativuta kwambiri. Pa chikhalidwe chathu, kukamba za imfa munthu ali moyo kumaoneka ngati kumulosera zoipa, mwinanso anthu n'kukuganizirani ufiti. Koma akuluakulu ambiri saopa nkhaniyi monga timaopera ife ana. Si iwo omwe amatiuza kumene akufuna kukaikidwa, ndiponso amene adzatenge munda wa kudimba? Tsono chovuta n'chiyani kuwafunsa kuti, "Agogo, mutadwala kwambiri, mungafune tikutengereni kutali kukaikidwa pa makina, kapena mungakonde kuthandizidwa pafupi ndi kwanu?" Ena adzati yesani zonse, ndipo mawu amenewo alemekezedwe. Ena adzati ai, ndatopa, ndisakafere kwa eni. Amenewonso alemekezedwe. Pofunsapo pakhale a malume kapena mwinimbumba, ndiponso mwana amene amakhala nawo tsiku ndi tsiku, kuti tsiku la ngozi pasakhale kulozana zala. Amene ali kutali muwaimbire foni amve nawo. Kawirikawiri amene amaumirira makina ndi mwana amene wakhala nthawi yaitali osabwera kumudzi, pakuti mtima umamutsutsa.

Kukana chubu si kumutaya wodwala. Agogo amalandirabe okosijeni, mankhwala a chibayo, ndi mankhwala ochotsa madzi m'mapapo ngati vuto ndi mtima. Pali mankhwala a morphine akumwa amene, akaperekedwa ndi achipatala pamlingo woyenera, amachepetsa ululu ndi befu lomwe. Chisamaliro cha odwala matenda osachiritsika chilipo m'dziko muno. Ku Queen Elizabeth kuli kiliniki ya Tiyanjane, ndipo zipatala zambiri za boma ndi za mishoni zili ndi anamwino ophunzira ntchito imeneyi. Wodwala amakhala akulankhula, atha kutsanzika, atha kupemphera ndi abusa kapena ashehe ake.

Koma nkhalamba zambiri sizikanafika n'komwe pa funso la chubu zikanapita kuchipatala tsiku loyamba. Chibayo mwa okalamba chimabisala. Thupi mwina silitentha, chifuwa mwina n'chochepa. Mumangoona kuti agogo asiya kudya, akugona kwambiri, kapena ayamba kulankhula zosamveka, ife n'kumati ndi ukalamba. Werengani kapumidwe kawo ali chigonere: munthu wamkulu amapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi imodzi. Akamapuma kofika 30, akamalephera kumaliza mawu osaima kuti apume, kapena milomo ndi lilime zikasintha mtundu, musadikire kuti kuche, ndipo musayambe mwapita kogula mapiritsi pa golosale. Funani njinga kapena galimoto usiku womwewo. Nyengo yozizira ya June ndi July, pamene mphepo imatsika kuchokera m'phiri la Malosa ndipo agogo amagona m'nyumba ya utsi kuti afunde, muziwazonda m'mawa ndi madzulo. Ponyamuka musaiwale buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse amene amamwa.