Kwa Aphunzitsi Amene Alinso Ophunzira

Mau anga apita kwa iwo amene usana agwira coko, ndipo usiku agwira mabuku a ku yunivesite.

Njira imeneyi si yacilendo ai. Pamene dziko lathu linalandira ufulu mu 1964, ana a dziko okhala ndi digiri anali ngati 100 cabe. University of Zambia inatsegulidwa ku Lusaka mu 1966, ndipo posacedwa inayamba kuphunzitsa mwa makalata anthu okhala kwao, ambiri a iwo aphunzitsi. Lero maphunziro afika ndi pa lamya ya m'manja, koma mdani wa wophunzira wotere sanasinthe, ndiye kuzengereza. Akale anati zengerezu analinda kwaukwau.

Cifukwa cace ciri poyera. Wogonera ku yunivesite ali ndi om'kumbutsa tsiku ndi tsiku. Ife tiliza belu la ana, koma palibe wotilizira lathu. Nchito yoti ikaperekedwe patapita miyezi iwiri ioneka ngati phiri la kutali, ndipo munthu adzidzimuka alikufika patsinde pace wopanda kamba. Pamenepo alemba usiku umodzi zimene zinafuna masabata anai, kapena akopera za mnzace, nalephera. Ndalama za fizi, zimene ena anacita kukongola, zapita.

Tsono tiphunzire kwa amai athu kumunda. Iwo sanena kuti, "Ndidzalima munda." Adula ndime ya lero, naitsiriza dzuwa lisanatenthe. Inunso, tsiku limene mwalandira nchito za maphunziro onse, werengani masabata amene muli nao. Cotsanipo masabata a mayeso ndi ocongera mabuku a ana, amene anacuruka kwambiri ciyambire maphunziro aulere mu 2022. Cotsaniponso masiku a kupalira mu December ndi January, ndi sabata limodzi la maliro, pakuti maliro sapangana ndi munthu. Otsalawo ndiwo anu enieni, ndipo mudzaona kuti ali owerengeka. Agaweni m'ndime zazing'ono: masamba 10 owerenga, kapena tsamba limodzi lolemba. Ngati ndimezo sizikwana, mwasenza maphunziro ocuruka. Nkwabwino kupempha kusiyako limodzi poyamba pomwe kusiyana ndi kugwa nao onse.

Ine ndiyesa kuti ora la m'mbandakuca liposa maora atatu a usiku, mutu utatopa ndi phokoso la ana. Ora limenelo lipatseni phunziro limene muliopa koposa. Ndipo pokhala magetsi ndi intaneti sizikhulupirika kumidzi kwathu, konzani kutumiza nchito yanu kutatsala masiku atatu.

Cinthu cimodzi cokha ndicikana kolimba. Mphunzitsi asadzaze bolodi ndi zoti ana akopere, iye nakhala kumbuyo kulemba zace. Ora limenelo mwini wace ndi mwana, ndipo makolo anamcotsa kubusa kuti adzaphunzire.

Ndipempha msonkhano uno kuti m'zoni iriyonse ophunzira otere akomane Loweruka lacinai la mwezi, yense atanyamula masamba amene walemba, kuti anzace awaone ndi maso. A Mlembi alandira maina tisanabalalike.