Nkhokwe za Nzeru: Mawu kwa Makolo a Ana Ophunzira Biochemistry



Masiku ano midzi yambiri ili ndi mwana ku sukulu ya ukachenjede. Ena ali ku Bunda, ena ku Zomba, ena ku Blantyre, ena ku Mzuzu. Amene akuphunzira udokotala, unamwino, za zakudya kapena za ziweto amakumana ndi phunziro lotchedwa biochemistry. Dzinali ndi lachilendo, koma nkhani zake ndi za pakhomo panu. Ndilo phunziro lofotokoza zimene zimachitika m'kati mwa zamoyo: chifukwa chake chimera chimatsekemeretsa thobwa, m'mene nsima imasandukira mphamvu m'thupi, ndi chifukwa chake mtedza wa chuku umadwalitsa.

Tsono pasanathe miyezi iwiri mwana uja amatumiza uthenga kumudzi, amvekere, "Tumizani ndalama ndigule zowerenga pa intaneti." Inu mumagulitsa thumba la chimanga kapena mbuzi. Lero ndikufuna mudziwe kuti zambiri zimene mwanayo akufuna ndi zaulere, ngati adziwa khomo lolowera.

Zimene akatswiri apeza pa kafukufuku wawo zimasindikizidwa m'magazini a sayansi, ndipo zimasonkhanitsidwa pa kompyuta m'malo otchedwa database. Ife tingoti nkhokwe. Mukudziwa kuti mlimi saika mtedza, mawere ndi chimanga pamodzi, ndipo wofuna mawere sakwera pa nkhokwe ya chimanga. Nkhokwe za nzeru n'chimodzimodzi. Funso limene mwana ali nalo ndilo limamuuza nkhokwe yoti atsegule.

Tiyeni tione chitsanzo. Mphunzitsi wafunsa kuti, "N'chifukwa chiyani chinangwa chowawa timachiviika m'madzi tisanapange kondowole?" Amayi a ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota amadziwa kuti Gomani sadyedwa wamuwisi monga Manyokola. Koma mwana wa sukulu ayenera kufotokoza chifukwa chake, ndi kunena kumene wachipeza.

Choyamba, atsegule buku la phunzirolo limene lili m'laibulale ya sukulu yake. Mwana amene angoyamba kumene sangamve zolemba za akatswiri asanadziwe mawu ake. M'bukumo aphunzira za enzyme, ndiko kuti kanthu ka m'thupi la chamoyo kamene kamafulumizitsa kusintha kwa zinthu, monga kamene kali m'chimera. Akafufuza za chinangwa apeza kuti muli chinthu chotchedwa linamarin, ndiponso enzyme yotchedwa linamarase. Chinangwa chikafewa m'madzi, ziwirizi zimakumana, ndipo pamatuluka poizoni wotchedwa cyanide, amene amapita ndi madzi ndi mphepo poyanika. Chinangwa chowawa chikadyedwa chosaviika mokwanira, poizoniyo amatulukira m'mimba mwa munthu.

Chachiwiri, akafuna kudziwa kapangidwe ka linamarin, kulemera kwake ndi maina ake ena, apite ku PubChem. Nkhokwe imeneyi ndi ya boma la America, inatsegulidwa mu 2004, ndipo salipiritsa. Akafuna za enzyme ija apite ku UniProt, imene imasunga mbiri ya mapulotini, kapena ku Protein Data Bank, imene imaonetsa maonekedwe awo. Iyi inayamba mu 1971 ndi mapulotini 7 okha, koma lero ili ndi oposa 200,000. Zonsezi n'zaulere.

Chachitatu, akafuna kudziwa matenda amene poizoniyu amabweretsa, nkhokwe yake ndi PubMed, imene yakhala yaulere kwa aliyense chiyambire 1997. Akalemba mawu awiri a Chingerezi, cassava ndi konzo, awerenga za nthenda yopuwalitsa miyendo imene inagwira anthu oposa 1,000 m'chigawo cha Nampula ku Mozambique mu 1981, pa nthawi ya chilala, anthu atadya chinangwa chowawa chosakonza bwino chifukwa cha njala. Kumeneko ayambe ndi zolemba zotchedwa review, zimene zimamanga pamodzi zopeza za anthu ambiri. Zina aziwerenga akakhwima.

Chachinayi, akafuna zimene zalembedwa kuno kwathu, ayang'ane ku African Journals Online, imene inayamba mu 1998 ndipo imasunga magazini a mu Africa, kuphatikizapo Malawi Medical Journal. Google Scholar nayo imathandiza kupeza dzina la cholembedwa, ngakhale kuti imakokolola zabwino ndi zoipa zomwe, ngati khoka. Kumeneko apeza ntchito ya Dr Linley Chiwona-Karltun ndi anzake, amene anafufuza pakati pa alimi a ku Nkhata Bay, nasindikiza mu 2004 kuti kuwawa kumene alimi amamva polawa chinangwa kumagwirizana ndi kuchuluka kwa poizoni wake. Mwaona tsono kuti nzeru za amayi a kumudzi nazo zili m'nkhokwe zimenezi.

Nanga ndalama zija zimalowera pati? Kawirikawiri mwana amapeza mutu wa cholembedwa, koma akafuna kuchiwerenga chonse amauzidwa kuti alipire, mwina madola a ku America 30 kapena kuposa, pa nkhani imodzi yokha. Asalipire ayi. Pali mgwirizano wotchedwa Research4Life umene umatsegulira maiko osauka magazini olipiritsa. M'menemo muli Hinari, ya za umoyo, imene inayambitsidwa ndi bungwe la WHO mu 2002, ndi AGORA, ya za ulimi ndi zakudya, imene inayambitsidwa ndi bungwe la FAO mu 2003. Malawi ali m'gulu la maiko amene sukulu zake zolembetsa zimalowa mwaulere. Kiyi wake ali ndi woyang'anira laibulale. Malaibulale a dziko lino alinso ndi bungwe lawo lotchedwa MALICO, limene limawathandiza kupeza magazini mogwirizana. Mwana angopita kukafunsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Zilipo nkhokwe zina zodula kwambiri, monga Scopus, Web of Science ndi SciFinder. Zimenezi amalipira ndi sukulu, osati kholo, ndipo mwana wa chaka choyamba angathe kukhoza bwino popanda izo.

Chenjezo langa ndi ili. Pa intaneti pali magazini achinyengo amene amasindikiza chilichonse munthu akangolipira. Palinso makina a pa foni oyankha mafunso, amene nthawi zina amapeka maina a zolembedwa zimene kulibe. Mwana wolemba zotere, kapena wokopera ntchito ya wina osatchula mwini wake, amalephera, ndipo angathe kulangidwa ndi sukulu. Pamenepo mbuzi yanu yapita pachabe.

Tsono inu makolo, mwana akabwera pa tchuthi mufunseni mafunso atatu. Kodi unaonana naye woyang'anira laibulale? Kodi unapatsidwa kiyi wa Hinari ndi AGORA? Kodi chimene ukufuna kugulacho unayamba wachifuna ku PubMed? Akayankha bwino, mpatseni ndalama ya bando ya intaneti ndi ya zofunika zina mosakayika. Akachita chibwibwi, muuzeni ayambe wapita ku laibulale.

Ndipo inu mafumu, pa msonkhano wa mudzi tchulani mawu amenewa, kuti amene alibe wailesi amve nawo. Mwana wophunzira akafika, mpatseni mpata pabwalo afotokozere anthu za chuku cha mtedza ndi za kuviika chinangwa, pakuti anamuphunzitsa ndi makasu a mudzi wonse.