Za Mphatso Zocokera Kutsidya la Nyanja: Mau Olalikidwa ku Chiradzulu

Masiku ano pamjigo, pamsika ndi panjira ya kumunda, nkhani ndi imodzi, ndiyo ya ndalama zirikudza pa lamya za m'manja. Ena akondwera, ena aopa kuti muli matsenga m'menemo, ena afunsa nati, Nanga anthu osatidziwa atipatsiranji cuma cao? Cifukwa cace tayesa nkoyenera kuti lero tinene poyera za mphatso za alendo, ndi za katundu amene mphatso isenzetsa munthu woilandira.

Nkhaniyo iri tere. Kuli bungwe dzina lace GiveDirectly, limene nchito yace ndiyo kulandira ndalama kwa opatsa a m'maiko ena ndi kuziika m'manja mwa aumphawi, osawalamulira cogula, osafunanso kuti abweze. Linacita cotero kwa Khongoni ku Lilongwe, kumene munthu wamkulu yense, mwamuna ndi mkazi yemwe, analandira monga madola 550 a ku Amerika. Ndipo m'caka ca 2025 kampani ya Canva, ya ku Australia, inalonjeza madola 100 miliyoni kuti nchito yomweyo icitike kuno kwathu. Ife a boma lino tinawerengedwa oposa 350,000 pa kalembera wa 2018. Ndipo mudziwa nokha kuti minda yathu yacepa, ndi kuti m'mabanja ambiri nkhokwe ikutha mvula isanagwe. Mphatso yotere siiri yaing'ono pakati pathu.

Koma tisanawerenge ndalamazo, tiyambe tawerenga zaka. Dziko lino lalandira alendo odza ndi thandizo kuyambira kale lomwe, ndipo tichula atatu, kuti tione cimene cinatsala m'mbuyo mwao atapita.

Oyamba anafika m'caka ca 1861. Bishopu Charles Mackenzie ndi anzace anakwera kucokera ku mtsinje wa Shire pamodzi ndi David Livingstone, namasula akapolo amene anakomana nao panjira, nakhala nao pa Magomero. Anawadyetsa, nawabveka, nayamba kuphunzitsa ana. Mtima wao unali wabwino, ndipo palibe wa ife angawatonze. Komatu nchito yonse inatsamira pa alendo okha, ndi pa nsaru ndi mankhwala ocokera kutali. Bishopu anamwalira ndi malungo m'Januwale 1862 pa matsiriro a Ruo, mankhwala ace atamira m'madzi. Anzace anatsikira kwa Chibisa caka comweco. Kunagwa cilala ndi njala yoopsa. Ndipo m'caka ca 1864 mishoniyo inasamukira ku Zanzibar. Pa Magomero panatsala manda a mmodzi wa iwo.

Aciwiri anafika pa Mbombwe. John Chilembwe, mwana wa dziko lino, anabwera kucokera ku Amerika m'caka ca 1900, nayamba Providence Industrial Mission ndi thandizo la mipingo ya Baptist ya anthu akuda a kumeneko, anthu amene makolo ao anali akapolo, ndipo iwo eni sanali olemera. Anatumiza ndalama, natumizanso aphunzitsi, ndiwo Landon Cheek ndi mai Emma DeLany, amene anaphunzitsa akazi kusoka. Pofika caka ca 1906 alendowo anali atabwerera kwao, koma sukulu sizinatsekedwa, pakuti aphunzitsi a kuno anali atadziwa nchito. Ndipo ngakhale boma la atsamunda linagumula nyumba yopemphereramo m'caka ca 1915, itatha nkhondo ya Chilembwe, mbeu siinafa. Mnyamata wina wophunzira kwa mai DeLany, Daniel Malekebu, anamuka ku Amerika, naphunzira using'anga, nabwera, natsegulanso mishoniyo m'caka ca 1926. Taonani, cimene cinaikidwa m'njerwa cinagwa, koma cimene cinaikidwa m'mutu mwa mwana cinabwera cokha kudzamanganso.

Acitatu tawaona ndi maso athu. Akulu muli pano mukumbukila zaka zija maliro sanali kutha m'midzi, ndipo agogo anatsala ndi adzukulu opanda atate ndi amai. M'caka ca 2001 madokotala a bungwe la Médecins Sans Frontières anayamba kupatsa mankhwala a ma ARV pa cipatala ca boma ca Chiradzulu, pamene ambiri m'maiko olemera analikunena kuti mankhwala otere sangathe kuperekedwa m'midzi ya Afirika. Madokotalawo anaona kuti ali owerengeka, ndi kuti wodwala wa ku Namitambo kapena ku Milepa sangathe kuyenda mwezi ndi mwezi kufikira kuboma. Pamenepo anaphunzitsa anamwino ndi othandiza madokotala a kuno, natengera mankhwala ku zipatala zazing'ono za kumidzi. M'caka ca 2004 boma linayamba kupatsa mankhwalawo kwaulere m'dziko lonse ndi ndalama za Global Fund, ndipo m'zaka zotsatira alendowo anapereka nchito yao m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Ambiri a ife tikhala pano lero cifukwa ca nchito ija.

Akulu akale anati, mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa; anatinso, mlendo ndi mame. Mau onse awiri ali oona, ndipo munthu wanzeru awagwira pamodzi. Kalumo ka mlendo kameta bwino, ndipo wokana kumetedwa cifukwa ca kunyada agona ndi nsabwe zace. Koma mame sacedwa kukamuka dzuwa litakwera. Pa alendo atatu aja tiona kuti thandizo lokhalitsa ndi lija linalowa m'manja ndi m'nzeru za eni dziko mlendo asanacoke.

Ndipo musayese kuti kucoka kwa alendo ndi nkhani yakale. M'caka ca 2013, pomveka za kuba kwa ndalama za boma kumene kunachedwa Cashgate, maiko opatsa analeka kuika ndalama zao m'thumba la boma. Ndipo amene anasauka naco ndi odwala osapeza mankhwala, osati akubawo. M'Januwale 2025 boma la Amerika linaimitsa thandizo lace la ku maiko ena, ndipo caka comweco bungwe la USAID linatsekedwa. Anthu ambiri m'dziko lino anacotsedwa nchito, ndi nchito zambiri za umoyo zinaima. Wopatsa ali nao mabvuto ace ndi masankho a kwao, amene ife sitiponyako voti. Sitinena ici kuti timderere. Tinena kuti tisamange nyumba yathu pamsana pace.

Tsono mphatso ya tsopanoyi isiyana ndi zina zonse zija. Kale mlendo ndiye anasankha, ngati ndi mjigo, kapena sukulu, kapena thumba la ufa. Ndipo zikalephereka tinali naye womloza cala. Lero wopatsa ati, Inu mudziwa cosowa canu. Umenewu ndi ulemu waukuru, koma walira mvula walira matope. Pakuti tsopano palibenso wina womloza cala. Cifukwa cace tamverani zinthu zinai.

Coyamba, khalani pansi m'banja ndalama zisanafike, nimupangane. Wina adzafolera nyumba ndi malata, naleka kugula udzu ndi pulasitiki caka ndi caka. Wina adzagula mbuzi, kapena njinga ya kabaza, kapena makina osokera. Wina adzabweza mwana kusukulu ya sekondale. Wina adzayamba wagula cakudya, pakuti wanjala salima, ndipo iyenso sanalakwa. Ife sitikusankhirani ai. Koma dzifunseni funso limodzi: Pakutha zaka zitatu, ndidzaloza ciani ndi kunena kuti, Ico cinacokera ku mphatso ija?

Caciwiri, cimene capatsidwa kwa mkazi ndi ca mkaziyo. Inu abambo, musalande lamya ya akazi anu. Inu ana, musanyenge agogo anu osadziwa kuwerenga pomuka nao kwa wotapitsa ndalama. Nambala yacinsinsi musaulule kwa munthu ali yense, ngakhale aimbe lamya nadzichula wa kubungwe. Inu amfumu, mulibe msonkho wanu m'menemo. Ndipo ifenso a pa mishoni tidzimanga ndi lamulo lomweli pamaso panu: palibe mkulu wa mpingo adzayenda khomo ndi khomo kufunsa gawo. Wofuna kupereka apereke monga mtima wace umuuza.

Cacitatu, inu a magolosale, amisiri a njerwa ndi ogulitsa malata, musakweze mitengo pakumva kuti mnansi wanu walandira. Wocita tere abera wamasiye dzuwa likuswa mtengo, ngakhale sanathyola citseko. Malonda adzacuruka okha. Phindu loyenera likukwanireni.

Cacinai, kumbukilani mwezi wa Marici 2023, pamene namondwe Freddy anagumula mapiri, ndipo matope ndi miyala zinakwirira mudzi wa Ntauchira, nizitenga abale athu. Womanga nyumba yatsopano ayang'ane pomanga, asamange m'njira ya madzi. Ndipo njerwa zonse zimene tidzaocha zidzafuna nkhuni. Tikamaliza mitengo ya m'phiri kuti timange nyumba, phirilo lidzatsika kudzazigwetsa. Pali zinthu zimene lamya siingatigulire: kubzala mitengo, kukonza milambala m'minda ya pamtsetse, kusonkherana m'banki ya m'mudzi ndi kubweza ngongole pa nthawi yace. Izo zifuna mudzi wonse.

Potsiriza, pasakhale wina wa ife wocita manyazi kuti walandira. Masiku a atumwi, Akristu a ku Makedoniya, ali aumphawi iwo eni, anasonkha ndalama natumiza kwa osauka a ku Yerusalemu amene sanawaona nkhope; momwemonso ana a akapolo a ku Amerika anakumbukila Mbombwe. Kupatsa nkuika, anatero makolo athu. Wolandira lero ayenera kukhala wopatsa mawa, ndipo sayenera kuoloka nyanja kuti ampeze wosowa. Ali kuseri kwa nyumba yace, nkhalamba yosatha kufolera, mwana wamasiye wosowa yunifolomu. Tiwayamike iwo akutali amene anatikumbukila, tiwapempherere. Ndipo ticite nayo mphatso yao kotero kuti adzukulu athu, pakumva za caka cino, adzakhale naco coloza, monga ife tiloza sukulu za pa Mbombwe ndi abale athu amoyo amene tinayesa kuti tidzawaika. Mulungu atipatse nzeru yakutero. Amen.