Khutba ya Lachisanu: Sungani Pamene Nyanja Ikupatsa

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mwini kupereka rizq. Madalitso ndi mtendere zikhale kwa Mtumiki Muhammad (SAW), akubanja kwake ndi maswahaba ake.

Inu akapolo a Allah, muopeni Allah pa ndalama imene ili m'manja mwanu. Usipa ukagwidwa wochuluka, ndalama imalowa m'thumba m'mawa, koma dzuwa lisanalowe imakhala itathera pa foni yatsopano, zovala ndi zina zomwe maso angozikhumbira pamsika. Kenako mwera umaomba mu June ndi July, bwato limagona pamtunda, ndipo bambo amakagogoda kwa wakatapila. Katapila ndi riba, ndipo riba ndi haramu. Taonani m'mene chilakolako cha tsiku limodzi chimamukokera Msilamu ku tchimo lalikulu.

Mu Surah Yusuf, ndime 47 ndi 48, Mneneri Yusuf (AS) adalangiza anthu a ku Iguputo kuti pa zaka 7 za zokolola zambiri azidyako pang'ono, zotsalazo azisunge m'ngala zake podikira zaka 7 za chilala. Surah Al-Furqan, ndime 67, ikuyamikira akapolo amene samwaza chuma komanso saumira, koma amayenda pakatikati. Mtumiki (SAW) mwini wake ankasungira banja lake chakudya cha chaka chathunthu. Choncho kusunga sikuchepa kwa tawakkul.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Nyanja ya Chilwa idauma mu 1995, asodzi n'kutsala manja ali m'khosi. Mu November 2023 ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya zinthu n'kukwera. Amene adali ndi chimanga m'nkhokwe ndi mbuzi m'khola adapeza pogwira.

Chitani izi, abale ndi alongo. Mukagulitsa nsomba kapena mpunga, gawani ndalamayo musanalowe mumsika: ya chakudya, ya sukulu ndi madrassa, yokonzera ukonde, ya sadaka, ndi yosunga. Chinthu chomwe simudachikonzere, chigonereni masiku atatu ndipo mukambirane m'banja. Ngati n'chofunikadi, chidzafunikabe.

M'mwezi wa Ramadhan timasiya madzi, omwe ndi halali, mpaka dzuwa litalowa. Mtima umene udaphunzira kupirira kotere ungathenso kudikira pamaso pa wamalonda.

E Allah, tidalitsireni rizq lathu, tipatseni mtima wokhutira, ndipo titetezeni ku ngongole ndi riba. Ameen.