MFUTI YAIKULU IKANKHA MWINI WACE
Mau kwa alimi ndi alenje a m'midzi

Alenje amene anazolowera gogodela adziwa bwino kuti munthu akacurukitsa onga, mfuti imabwezera paphewa monga bulu woponda. Nkhani ya lero ndi ya mfuti zina zazikulu za ku America, zimene ziri ndi cogwirira ca citsulo kunsi kwace. Mlenje akacitsitsa ndi kucibweza, cikopa ca cipolopolo cakale cituruka, catsopano nicilowa. Zodziwika kwambiri ndi Marlin 1895, imene idya zipolopolo za .45-70 zoyamba kupangidwa m'caka ca 1873, ndi Winchester 1895, imene Theodore Roosevelt anaphera nayo mikango kum'mawa kwa Africa m'caka ca 1909.

Cifukwa ninji mfuti ikankha? Onga ukayaka ukankha mbali ziwiri nthawi imodzi: cipolopolo cipita kutsogolo, mfuti ibwerera kumbuyo. Ziri monga munthu wolumpha kucoka m'bwato. Iye afika pamtunda, bwato nilithawira m'madzi. Motero zinthu zitatu ndizo ziweruza mlanduwu: kulemera kwa cipolopolo, liwiro lace, ndi kulemera kwa mfuti.

Mutu wa cipolopolo ca .45-70 ulemera pafupi-fupi aunsi imodzi, ndiko kuposa kawiri mutu wa cipolopolo ca .303 ya asilikari akale. Koma mfuti yace ilemera mapaundi 7 ndi pang'ono cabe, pamene .303 ifika mapaundi 9. Ndi zipolopolo za mphamvu yakale, kukankha kwace kuposa kwa .303 koma munthu apirira. Ndi zipolopolo zamphamvu za masiku ano, zopangidwira nyama zazikuru, ikankha pafupi-fupi katatu kuposa .303. Mfuti yopepuka ikoma ponyamula m'thengo, koma cikome-kome ca nkhuyu m'kati muli nyerere. Mfuti yolemera kawiri, ndi cipolopolo comweco, ikadakankha theka lokha.

Kukankhaku kusintha ngakhale maumbidwe a zipolopolo. M'mfuti ya Marlin zipolopolo zigona mondondozana m'mpope wa pansi, mutu wa cina utagunda thako la cinzace. Cifukwa cace mitu yace ikhala yaphwathalala. Ikadakhala yosongoka ndi yolimba, mfuti pogwedezeka ikadabaya fataki ya cipolopolo ca patsogolo, zonse niziphulika m'manja mwa mwini wace.

Phewa lotupa lipola pa masiku owerengeka. Coipa ceni-ceni ndi mantha. Munthu amene mfuti yampweteka kawiri kapena katatu ayamba kutsinzina ndi kunjenjemera asanaombe, ndipo iye mwini sadziwa kuti acita cotero. Pamenepo cipolopolo ciphonya mtima, nicilasa mimba kapena mwendo. Njati yolasidwa siiwala. Ibisala m'maudzu, ndipo wokumana nayo nthawi zina si mlenje uja ai, koma mai wopita kumadzi kapena mwana woweta ng'ombe.

Mlenje wanzeru acita zinthu izi. Atsamiza thako la mfuti molimba m'mnofu wa phewa, osati pa pfupa, osasiya mpata ngakhale wa cala cimodzi, pakuti mfuti yogwidwa molekerera imenya, yogwidwa molimba ingokankha. Aika tsaya lace pa mtengo wa mfuti, naweramira kutsogolo pang'ono, phazi limodzi patsogolo, kuti thupi lonse lilandire mphamvuyo. Satsamira msana kapena phewa pa mtengo poombera. Ngati thako la mfuti ndi la citsulo, abvekapo mphira wofewa. Ngati mfuti iri ndi galasi loonera patali, alitalikitsa ndi diso, cifukwa ambiri atemeka nalo pa nsidze. Pophunzira atseka makutu, naombera zipolopolo zocepa pa tsiku, osadikira kuti phewa liyambe kuwawa.

Cotsiriza ndi ici. Nguluwe ndi anyani oononga cimanga safuna mfuti ya mphamvu yotere. Mfuti yaing'ono imene mwini wace aomba nayo mosaopa iposa yaikuru imene amaiopa. Mfuti iri yonse ifuna laisensi ya Boma, ndipo njobvu, njati kapena mvuu zikalowa m'minda, anthu a mudzi adziwitse msanga akulu oyang'anira nyama za m'thengo, amene anaphunzira nchito imeneyi.