Pamene Kholo Laiŵala Dzina la Mwana Wake

Ulaliki wa pa wailesi, wa pa Chaka cha Banja Loyera, ku Mzuzu



Pa Chaka cha Banja Loyera kaŵirikaŵiri timalankhula za ana ndi za kaleredwe kao. Koma mau oyamba amene tamva pa Misa, ochokera m'buku la Mphunzitsi Sira mutu 3, akutilozera ku mbali ina ya nyumba, kumene kwakhala kholo lokalamba. Mlembi wa bukulo, amene adaphunzitsa ku Yerusalemu zaka pafupifupi 180 Ambuye Yesu asanabadwe, ankadziŵa kuti nzeru za bambo zimatha kuchepa. Tsono akumuuza mwana amene akadali ndi mphamvu zake kuti asamnyoze bamboyo, koma amlezere mtima, ndipo akumlonjeza kuti chifundo chotere Mulungu sachiiŵala.

Zimenezi tikuziona m'nyumba zathu. Zimayamba pang'onopang'ono. Agogo aika ndalama penapake, aiŵala, nayamba kunena kuti mdzukulu waba. Afunsa funso limodzi kasanu ora lisanathe. Angotha kudya nsima, koma mlendo akafika amdandaulira kuti chiyambire dzulo sadalaŵe kanthu. Tsiku lina atuluka kuti akagule mchere pafupi pomwepa, ndipo apezeka madzulo ku depoti, njira yobwerera itaŵasoŵa. Pambuyo pake lifika tsiku loŵaŵa kopambana, pamene mai ayang'ana mwana amene adambereka okha, namfunsa mwaulemu wonse kuti, "Kodi inu ndinu yani?"

Ife timati agogo abwerera ku umwana, kapena timangoti ndi ukalamba. Koma ukalamba pa wokha suchita zotere, pakuti tili nazo nkhalamba za zaka 90 zimene zimakumbukira malire a munda uliwonse ndi maina a makolo onse a pa mudzi. Aŵa ndi matenda a mu ubongo, amene madokotala amaŵatcha dementia. Mtundu wake wofala kwambiri udatenga dzina la Alois Alzheimer, dokotala wa ku Germany, amene mu 1906 adafotokoza za mai wina wodwala motere, atapima ubongo wake iye atamwalira napeza kuti udaonongeka. Mtundu wina umadza pamene timitsempha ta magazi ta mu ubongo tatsekeka, makamaka kwa anthu a matenda othamanga magazi, a shuga, ndi amene adachitapo sitiroko. Kumwa moŵa mopitirira muyeso kwa zaka zambiri nakonso kumaononga ubongo. Bungwe la za umoyo la WHO lidaŵerengera kuti mu 2021 anthu odwala matendaŵa pa dziko lonse anali 57 miliyoni, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse anali m'maiko osauka ndi a chuma chapakati. Choncho si matenda a Azungu okha ai, ndipo si chilango cha tchimo la wina aliyense.

Matendaŵa amayamba kufufuta zatsopano, zakale nkutsalira. Nchifukwa chake bambo amene adagwira ntchito ku migodi ya ku Joni pa nthaŵi ya Wenela adzuka pakati pa usiku nkumafunafuna nsapato, akuti achedwa ku ntchito. Mai amene akhala m'tauni zaka 40 akulankhula Chicheŵa ndi Chingerezi abwerera ku Chitumbuka, Chitonga kapena Chinkhonde cha pa ubwana wao. Ndipo kumbukirani kuti Mzuzu ndi mzinda wa dzulodzulo: udayamba cha m'ma 1947 ndi minda ya mitengo ya tung, ndipo udatchedwa mzinda mu 1985. Nkhalamba zathu zambiri zidabadwira kwina, ku Rumphi, ku Nkhata Bay, ku Mzimba, ku Karonga, ku Chitipa. Dzuŵa likamapendeka, nthaŵi imene odwalaŵa amasokonezeka kwambiri, agogo amanga kamtolo kao nanena kuti akupita kwao. Sakunyoza nyumba yanu. Akufuna mudzi umene mtima wao ukuukumbukira, ndipo mukapanda kuŵaona adzauyamba ulendowo wapansi.

Apa mpamene pali ngozi yaikulu. Taganizani mai wokalamba amene wapezeka mbandakucha pa khomo la eni ake, chitenje chitagwa, osatha kunena dzina lake kapena kumene wachokera. Kodi khamu limene lasonkhanalo linena chiyani? Tonse tikudziŵa: mfiti yagwa pa lichero. Wina amkalipira kuti avomere, ndipo iye, chifukwa cha mantha ndi kusokonezeka, avomera chilichonse chimene amfunsa. Dziko lino lidaona kale kumene mau otere amakathera. Mu Januwale 2016, ku Neno, nkhalamba zinai zidaphedwa atazinamizira kuti ndizo zidatumiza mphezi imene idapha mtsikana wina. Mu Disembala 2022, m'boma la Mzimba lomweli, amai okalamba adazunzidwa kumanda, maliro ali m'kati, pa mlandu womwewo wa ufiti. Ngati nkhalamba ya nzeru zake zonse ichitidwa zotere, nanga imene siingathe kudziyankhira idzapulumuka bwanji?

Lamulo la dziko la mu 1911 lidaletsa kutchula munthu mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lina loteteza okalamba. Koma ife Akhristu tili ndi malamulo akale kuposa ameneŵa. Lachinai likutiuza kulemekeza makolo, lachisanu likutiletsa kupha, lachisanu ndi chitatu likutiletsa kunamizira mnzathu. Mkhristu amene waima m'khamu lotere nangokhala chete, manja ali kumbuyo, asadzinamize kuti alibe mlandu. Fundani mai ameneyo nsalu, mloŵetseni m'nyumba, mpatseni tiyi, ndipo tumani mwana kwa amfumu kapena ku polisi kuti abale ake apezeke.

Ena amachita manyazi nkumabisa wodwala kuchipinda chakumbuyo, poopa kuti anthu adzati banja lili ndi tsoka. Iwoŵa amve mbiri ya Louis Martin, bambo wake wa Tereza Woyera wa Mwana Yesu. Mu 1888, chaka chimene Tereza adaloŵa usisiteri wa ku Karmeli ku Lisieux, nzeru za bamboyu zidayamba kusokonezeka. Mu Juni chaka chomwecho adasoŵa pa nyumba, ndipo adakampeza patapita masiku angapo ku Le Havre. Mu 1889 adamgoneka ku chipatala cha odwala maganizo cha Bon Sauveur ku Caen, kumene adakhala zaka zitatu. Anthu a miseche sadasoŵe: ena ankati ana ake ndiwo amdwalitsa pomsiya nkupita ku usisiteri. Atatuluka, mwana wake Céline adamsamala mpaka imfa yake mu 1894. Munthu ameneyu, amene adasochera m'miseu ngati agogo athu aja, Papa Francis adamlengeza kuti ndi woyera pamodzi ndi mkazi wake Zélie mu 2015. Kuchepa kwa nzeru sikudachotse kanthu pa ulemu wake pamaso pa Mulungu.

Tsopano tinene za amene akusenza katunduyu. Kuno kwathu, kumene mkazi amakakhala kwao kwa mwamuna, kaŵirikaŵiri ndi mtengwa. Ndiye amasambitsa apongozi ake, ndiye amachapa zofunda zonyowa m'maŵa uliwonse ngakhale m'chisanu cha Juni, ndiye amagona khutu lili kunja. Ndipo poti ndiye ali pafupi, ndiyenso amanenedwa kuti waba ndalama, kapena kuti akuŵamana chakudya. Achibale abwera kuchokera ku Lilongwe, akhala masiku aŵiri, amva madandaulo a agogo, naŵakhulupirira. Achoka atasiya mau oŵaŵa, osasiya ngakhale sopo. Abale athu, musanaŵeruze mtengwa, gonani m'nyumbamo sabata imodzi. Kwina ndi mdzukulu wamkazi amene wasiyitsidwa sukulu kuti azilonda agogo, ndipo zimenezo nzosayenera konse; mwana wa Fomu 2 asalipire ngongole ya akuluakulu asanu.

Inu amuna, kusambitsa bambo wanu si ntchito yochotsa ulemu. Nkhalamba yaimuna imachita manyazi kuvulidwa ndi mkazi wa mwana wake, ndipo nthaŵi zina ukali umene mukuuonawo ndi manyazi chabe. Inunso amene muli ku Joni ndi kwina, ndalama zimene mumatumiza pa foni nzothandiza, tikuthokoza, koma ndalama siidzuka usiku. Funsani kuti amene akusamala kholo lanu adapumulako liti, ndipo mukabwera pa Khirisimasi mumpumuze. Ambuye Yesu, pa Marko mutu 7, adadzudzula anthu amene ankapatulira Mulungu chuma chao ndi cholinga chakuti asathandize nacho makolo. Masiku ano tili ndi khalidwe lofanana nalo: kholo likhala zaka zitatu pa mphasa yong'ambika, koma likamwalira tigula bokosi lodula ndi kupha ng'ombe. Akulu adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Lero tingaonjeze kuti usamuonenso kuchepa nzeru.

Akatekisiti ambiri atifunsa funso la chikumbumtima. Agogo afunsa kuti amuna ao ali kuti, chonsecho adamwalira zaka khumi zapitazo. Kodi tiŵauze zoona? Mukaŵauza, alira ngati maliro achitika lero, ndipo maŵa adzafunsanso, nkuliranso. Mukanama, mtima wanu ukutsutsani. Pali njira ina. Yankhani chimene chili pansi pa funsolo: "Mwaŵasoŵa agogo aamuna eti? Tatiuzani, mudakumana nao kuti?" Pamenepo simudaname, ndipo simudalase mtima wao. Chimodzimodzi akanena kuti sadadye, musatsutsane nao. Apatseni kambatata kapena nthochi. Kukangana ndi wodwala wotere kuli ngati kutunga madzi ndi dengu, pakuti iye adzaiŵala mau anu koma kuŵaŵa kwake kudzatsala.

Sokerani m'thumba la chovala chao kapepala kolembapo dzina ndi nambala ya foni. Auzeni anansi, amfumu, ndi anyamata a njinga za kabaza, zimene kuno ku Mzuzu timazitcha Sakramento, pakuti iwo ndiwo maso a mseu. Mbaula isatsale m'chipinda chotseka usiku, ndipo mankhwala ndi palafini zikhale patali. Koma kummanga munthu chingwe pa mtengo, kapena kumtsekera yekha tsiku lonse opanda madzi, zimenezo ndi nkhanza, ngakhale zichitike chifukwa cha kutopa.

Pitani nao ku chipatala. Nkhalamba ikasokonezeka mwadzidzidzi, m'masiku aŵiri kapena atatu, kaŵirikaŵiri pamakhala malungo, matenda a m'chikhodzodzo kapena kuchepa kwa madzi m'thupi, ndipo zimenezo zimachizika. Matenda a kuiŵala enieniwo alibe mankhwala oŵathetseratu, tsono musagulitse mbuzi ndi malata chifukwa cha sing'anga kapena mneneri amene akulonjeza kuŵachotsa. Komabe madokotala angathe kuchepetsa kuthamanga kwa magazi, kuthandiza pa kusoŵa tulo, ndi kukulangizani. Tili ndi chipatala chachikulu cha Mzuzu Central, tilinso ndi Abale a St John of God, amene akhala akutumikira odwala maganizo mu mzinda uno chiyambire 1993. Musaope dzina la malowo. Yohane wa Mulungu mwini wake adatsekeredwapo m'chipatala cha ku Granada ngati wamisala, ndipo zimene adaona m'menemo ndizo zidamchititsa kuyamba ntchito yake.

Nanga za moyo wa uzimu? Mwaona inu nomwe kuti agogo amene aiŵala maina a ana ao, mukayamba pemphero la Atate Athu kapena kolona, milomo yao imatsatira, ndipo nyimbo za Misa za pa ubwana wao amaziimba osaphonya. Pempherani nao m'chilankhulo chimene adaphunzirira katekisimu. Itanani ansembe adzaŵadzoze. Sakramenti la Kudzoza Odwala si la ola lomaliza lokha, ndipo limaperekedwa ngakhale kwa amene nzeru zaŵachokera, ngati akadalipempha ali bwino. Za kulandira Ukaristia, kambiranani ndi bambo mfumu, makamaka ngati wodwala akuvutika kumeza. Mneneri Yesaya, pa mutu 49, akutiuza kuti ngakhale mai ataiŵala mwana wake woyamwa, Mulungu saiŵala anthu ake. Ubatizo wa agogo sudalire kuti iwo aukumbukire.

Kwa inu amene mwalephera kubwera ku Misa chifukwa panalibe wina wotsala ndi wodwala, dziŵani kuti simudachimwe. Ndipo inu amene usiku wina mudakalipa, kapena mudalakalaka mumtima kuti Mulungu angoŵatenga, musadziyese chilombo. Bwerani mudzalankhule ndi wansembe, koma mudziŵenso kuti chimene chikukusoŵani kwambiri ndi tulo. Apa mpamene Mphakati uyenera kuonetsa ntchito yake. Mutu umodzi susenza denga. Banja limodzi likakhale ndi agogo Lachitatu masana, lina Lamulungu m'maŵa, kuti wosamalayo apite ku msika ndi ku tchalitchi ngati anthu ena onse.

Tikupempha akatekisiti ndi atsogoleri a Miphakati kuti Lachitatu la Phulusa lisanafike mulembe nyumba zonse zimene muli odwala otere, pamodzi ndi dzina la amene akuŵasamala, ndipo mupereke kwa bambo mfumu wa parishi yanu kuti akonze zoŵayendera. Lamulungu lachinai la mwezi wa Julayi, limene Papa Francis adalipatula mu 2021 kukhala tsiku la agogo ndi okalamba, mudzakonze njinga kapena galimoto yoŵabweretsa ku Misa amene angathe kuyenda.

Tsopano, ngati m'nyumba mwanu muli agogo, sendezani wailesi pafupi nao, agwireni dzanja, ndipo tinene pamodzi, pang'onopang'ono, pemphero la Tikuoneni Maria.